A.M. ndi P.M.: zilembo zogawa tsiku pakati

Pa khadi loitanira anthu ku ukwati, pa tikiti ya basi yopita ku Johannesburg, pa chitseko cha banki ndiponso pa foni ya m'manja pamakhala zilembo ziwiri zing'onozing'ono zotsatira nambala ya ola: a.m. kapena p.m. Ambirife tinaziphunzira ku pulayimale, komwe tinauzidwa mwachidule kuti a.m. ndi m'mawa ndipo p.m. ndi madzulo. Kumasulira kumeneku kumayenda bwino pa maola ambiri a ntchito, n'chifukwa chake sitikukayikira. Koma tikakuyesa pang'ono kumaterereka. Nthawi ya 1 a.m. si m'mawa ayi, ndi usiku wa mdima wandiweyani, tambala asanaganize n'komwe zolira. Nthawi ya 12:30 p.m. si madzulo, dzuwa limakhala likuswa mtengo. Nayo 11 p.m. ndi usiku ndithu monga ilili 1 a.m., ngakhale kuti nthawi ziwirizi zavala zilembo zosiyana. Mfundo yomwe ndikuikira kumbuyo ndi yakuti zilembozi si mayina a zigawo za tsiku. Sizinena za kuwala kapena mdima, za kutentha kapena chisisira. Zimayankha funso limodzi basi: kodi ola latchulidwali lili mbali iti ya pakati pa usana, dzuwa lisanafike paliwombo kapena litapendeka kale? Chisokonezo chonse chomwe zilembozi zimabweretsa chimayamba munthu akaiwala zimenezi.

Mawu ake ndi a Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. Chidule cha a.m. chikuimira ante meridiem, pomwe p.m. chikuimira post meridiem. Ante amatanthauza kuti chinthu chisanafike, post amatanthauza pambuyo pake, ndipo meridies ndi pakati pa usana. Liwu lomalizali linabadwa polumikiza medius, kutanthauza pakati, ndi dies, kutanthauza tsiku. Poyamba ankati medidies, koma ma d awiri oyandikanawo ankalemera pa lilime mpaka woyambayo anasanduka r. Izi si zongoganizira akatswiri a masiku ano. Varro, katswiri wa chiyankhulo yemwe anabadwa mu 116 n'kumwalira mu 27 Khristu asanabadwe, analemba kuti anaona yekha kalembedwe kakale ka d katagobedwa pa wotchi ya dzuwa m'tauni ya Praeneste. Mathero a liwuli amasintha kuchoka pa meridies kukhala meridiem chifukwa galamala ya Chilatini imafuna kuti dzina lotsatira ante kapena post lithere motero. Choncho olemba ante meridian amasakaniza ndi liwu lina la Chingerezi, la mtundu womwewo, lomwe limatchula mzere wa pa mapu wochoka kumpoto kupita kumwera, womwe malo onse okhala pa iwo amaona dzuwa likufika pamwamba nthawi imodzi. Palinso ena omwe amaphunzitsa ana kuti a.m. ndi after midnight. Awa ndi mawu ongopeka kuti mwana akumbukire msanga, ndipo ngakhale cholinga chake n'chabwino, amasuntha malire kuwachotsa pa usana kuwapititsa pa usiku, pomwe zilembo zonse ziwirizi zimayezera pa malo amodzi, pa m yemwe ali kumapetoyo. AM wa pa wailesi ndi PM wa nduna yaikulu ya dziko ngati Britain alibe ubale uliwonse ndi nkhaniyi.

Funso loyenera kukhalirapo ndi lakuti, n'chifukwa chiyani malirewo anakhala pakati pa usana? Yankho lake limaoneka tikaganizira munthu yemwe alibe wotchi ya mtundu uliwonse. Kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa kumasuntha ndi nyengo, ndipo phiri kapena nyumba yaitali imatha kukuchedwetsa kapena kukufulumizitsa. Pakati pa usiku palibe chizindikiro chomwe munthu wamba angaloze. Koma pakati pa usana pamapezeka ndi kamtengo kozikidwa pansi: chithunzithunzi chake chimafupika m'mawa wonse, chimafika pofupikitsitsa, kenaka n'kuyamba kutalika cha mbali inayo. Nthawi imeneyo anthu awiri okangana akhoza kuiona limodzi n'kugwirizana, ndipo ku Roma inayamba kugwira ntchito pa milandu. Malamulo akale kwambiri olembedwa a mzindawo, omwe anaikidwa pa magome 12 cha m'ma 450 Khristu asanabadwe, ankati anthu omwe alephera kumvana afotokoze mlandu wawo pa bwalo dzuwa lisanafike paliwombo. Likapendeka mmodzi asanaoneke, mlandu unkakomera yemwe wabwerayo, ndipo onse akakhalapo, kulowa kwa dzuwa ndiko kunkatseka zokambirana za tsikulo. Apa ante meridiem ndi post meridiem sanali mawu okometsera chiganizo. Ankasiyanitsa munthu wopambana mlandu ndi woluza munda kapena ngongole yake. Pliny Wamkulu, yemwe anamwalira mu 79 pa kuphulika kwa phiri la Vesuvius, anafotokoza mmene nthawiyo ankailengezera. Mthenga wa akuluakulu a boma ankaima pa Curia, nyumba yomwe aphungu ankakumanamo, ndipo akaona dzuwa lafika pakati pa Rostra, nsanja yomwe andale ankayankhulirapo, ndi Graecostasis, malo omwe nthumwi za mayiko ena zinkadikirira, ankafuula kuti pakati pa usana pakwana. Kukakhala mitambo, mfuwuyo inkasowa poyambira.

Zipangizo zinabwera mochedwa. Mu 263 Khristu asanabadwe, pa nkhondo yoyamba ya Roma ndi Carthage, mkulu wa asilikali Valerius Messalla anatenga wotchi ya dzuwa mumzinda wa Catania pa chilumba cha Sicily n'kukaiimika ku Roma. Mizere yake inajambulidwa molingana ndi mmene dzuwa limayendera ku Sicily, komwe kuli kumwera ndithu, choncho ku Roma inkaphonya. Aroma anaitsatirabe kwa zaka 99, mpaka mu 164 pomwe Marcius Philippus anaika ina yolondola. Patangopita zaka zisanu, mu 159, Scipio Nasica anaika wotchi ya madzi yomwe inkagwira ntchito ngakhale kuli mitambo kapena usiku.

Tisaganize komabe kuti Mroma ankanena kuti tikumane 9 a.m. Iye ankawerenga maola kuyambira pa kutuluka kwa dzuwa. Usana wonse ankaugawa m'maola 12, kaya ndi wautali kaya waufupi, ndipo chiwerengero cha 12 chimenechi chinachokera kutali, kwa anthu a ku Egypt omwe ankagawa usiku potsata kutuluka kwa magulu a nyenyezi. Popeza ku Roma usana umatalika pafupifupi maola 15 athu mu Juni n'kufupika kufika pa 9 mu Disembala, ola la Mroma linkakhala la mphindi pafupifupi 75 m'nyengo yotentha ndi 45 m'nyengo yozizira. Usiku ankaugawa m'maulonda anayi, monga ankasinthanirana asilikali. Wowerenga Baibulo amakadziwa kale kawerengedwe kameneka ngakhale mwina sanakaganizire. M'fanizo la antchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20, mwini munda akulemba anthu ntchito pa ola lachitatu, lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chinayi ndi la khumi ndi limodzi, zomwe pa wotchi yathu ndi cha m'ma 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana, 3 koloko ndi 5 koloko madzulo. Mdima wa tsiku lomwe Yesu anapachikidwa, wochokera pa ola lachisanu ndi chimodzi kufika lachisanu ndi chinayi, unali wa 12 koloko mpaka 3 koloko. Kawerengedwe koteroko kakadalipo pafupi nafe. Wamalonda wopita ku Dar es Salaam amadziwa kuti Mswahili akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa, ndipo ku Ethiopia amayambiranso pa kucha. M'kawerengedwe ka Aroma nambala ya ola inkanena yokha kuti dzuwa lili pati: ola lachitatu linali dzuwa lisanafike paliwombo, lachisanu ndi chinayi litapendeka. Panalibe chifukwa choonjezera zilembo. Mawu ndi a Aroma, koma vuto lomwe zilembozi zimathetsa linabadwa patapita zaka zoposa 1,000.

Vutolo linabwera ndi wotchi ya makina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1300, m'matchalitchi ndi m'nsanja za mizinda ya ku Ulaya munayamba kuikidwa mawotchi oyendetsedwa ndi miyala yolemera yolendewera pa chingwe. Makina sadziwa kuti kunja kuli dzinja kapena chilimwe, amangogunda mofanana, choncho maola otalika ndi kufupika aja anatha pang'onopang'ono, m'malo mwake munalowa maola 24 ofanana. Chinatsala n'chakuti kuwerenga kuziyambira pati. Ku Italy ankayambira pa kulowa kwa dzuwa n'kuwerenga mpaka 24. Wotchi ya pa tchalitchi cha San Gottardo ku Milan, yomwe inalembedwa m'mbiri mu 1336, inkaliza belu kamodzi pa ola loyamba, kawiri pa lachiwiri, mpaka ka 24. Wotchi yotchuka ya ku Prague ya mu 1410 ikadali ndi mkombero wosonyeza maola owerengedwa kuchokera pa kulowa kwa dzuwa. Koma taganizirani munthu ali ku msika kapena pa bedi akuwerenga belu kuti adziwe ngati lalira ka 22 kapena ka 23. Ngakhale makinawo ankatopa: kuliza 1 mpaka 24 kumafuna kugunda ka 300 pa tsiku, pomwe kuliza 1 mpaka 12 kawiri kumafuna ka 156 kokha. Madera ambiri a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya anakhazikika pa maola 12 owerengedwa kawiri, kuyambira pakati pa usiku ndi pakati pa usana. Kuyambitsa tsiku pakati pa usiku nakonso kunali kwa Aroma, chifukwa pa nkhani za malamulo ndi za chipembedzo tsiku lawo linkayambira pamenepo, pomwe anthu a ku Athens ankaliyambira pa kulowa kwa dzuwa. Chifukwa cha kuwerenga maola 12 kawiriku, nambala iliyonse inayamba kuoneka kawiri pa tsiku. Pakamwa panalibe vuto, popeza woyankhula amaona kunja. Koma wolemba buku la kayendedwe ka mwezi ndi nyenyezi, kapena woyendetsa sitima ya pamadzi wolemba za ulendo wake, ankafunika chizindikiro chachifupi chosiyanitsa 7 woyamba ndi 7 wachiwiri. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankalemba m'Chilatini, ndipo kwa iwo kudutsa kwa dzuwa pamwamba inali nthawi yomwe ankakonzera mawotchi awo ndi kuyezera pomwe sitima yafika. Zilembozi zinafala m'zolemba za Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ndipo kuno zinafika ndi Chingerezi cha m'sukulu za mishoni ndi m'maofesi a boma la atsamunda. Ziyankhulo zina zomwe zinabadwa ku Chilatini chenichenicho, monga Chifalansa ndi Chipwitikizi, sizinazikonde: zimatchula m'mawa kapena madzulo ndi mawu, monga timachitira ife.

Tsopano tafika pomwe pamavuta. Ngati a.m. ndi pakati pa usana pasanafike ndipo p.m. ndi pakati pa usana patadutsa, nanga 12 koloko yeniyeniyo ndi chiyani? Siingakhale patsogolo pa iyo yokha kapenanso pambuyo pa iyo yokha. Munthu woima pa mzere wa malire a minda iwiri sali m'munda wa uyu kapena wa uyo. Pakati pa usiku napo pali patali mofanana ndi usana wadutsa ndi usana ukubwera, maola 12 mbali zonse, motero pakhoza kutchedwa a.m. kapena p.m. popanda kulakwira Chilatini. Pamwamba pa izi pali kusagwirizana kwina komwe kumasokoneza ana a sukulu ngakhalenso akuluakulu. Tikamawerenga timati 10 a.m., 11 a.m., ndiye maganizo amayembekezera 12 a.m., koma foni imalemba 12 p.m., kenaka 1 p.m. Chilembo chasintha pa 12, pomwe nambala yayambiranso pa 1. Chifukwa chake n'chakuti 12 wa pamwamba pa wotchi akugwira ntchito ya 0. Nambala za Chiroma zomwe zinkalembedwa pa nkhope ya wotchi zinalibe 0, ndipo belu silingalire ka 0 kuti anthu amve. Choncho chiyambi cha theka latsopano la tsiku chinavala nambala ya mathero a theka lakale. Yemwe amasokonezeka pamenepa si mbuli. Akutsata nzeru yolondola ya kuwerenga, koma kalembedweko ndiko kali ndi chilema chobadwa nacho.

Wina anena kuti nkhaniyi inatha kale, popeza foni ndi kompyuta iliyonse yoonetsa maola 12 imati 12 p.m. ndi masana ndipo 12 a.m. ndi usiku. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo mgwirizanowu uli ndi maziko abwino: sekondi imodzi ikangodutsa pa 12 koloko masana, nthawiyo ili kale post meridiem, choncho n'kwanzeru kuti mphindi yonse ya 12:00 ivale chilembo chomwe 12:01 ivale. Pa galasi la foni palibe chodandaulitsa, makamaka poti woyang'anayo amaona yekha ngati kunja kukuwala. Koma chikalata chimalembedwa lero kuti chiwerengedwe sabata ya mawa ndi munthu wina, ndipo palibe chotsimikizira kuti wolemba ndi wowerenga anaphunzira mofanana. Umboni wake si wa anthu osaphunzira. Buku la malamulo a kalembedwe la ofesi yosindikiza zikalata za boma la United States linkati 12 a.m. ndi masana, ndipo linadzatembenuza zimenezi mu 2008. Ku Japan chilengezo cha boma cha mu 1872 chinaika 12 koloko ya masana ngati ola lomaliza la theka loyamba la tsiku, ndipo lero ambiri kumeneko amathawa vutoli polemba ola la 0. Bungwe la NIST, lomwe limasunga nthawi ya boma ku United States, komanso National Physical Laboratory ya ku Britain, onse amalangiza kuti pa 12 munthu asiye zilembozo n'kulemba mawu oti masana kapena pakati pa usiku. Ngati anthu omwe amayeza nthawi ndi mawotchi a atomu akukana kudalira zilembozi pa 12, sindikuona chifukwa choti mlembi wa khoti, wa koleji kapena wa kampani ya basi azidalire.

Pakati pa usiku pali msampha wachiwiri womwe ngakhale mawu sauchotsa, ndiwo wa tsiku. Fomu yofunsira malo ikalembedwa kuti itsekedwa 12 a.m. pa 30 Juni, foni imamva kuti ndi chiyambi cha pa 30, usiku wa pa 29, pomwe wolembayo kawirikawiri amatanthauza mathero a pa 30. Kusiyana kwake ndi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake makampani a inshulansi, a njanji ndi a ndege akhala ndi chizolowezi cholemba 11:59 p.m. kapena 12:01 a.m. Amataya mphindi imodzi kuti pasakhale mkangano wa maola 24.

Chotsutsa chachiwiri n'chozama kuposa choyamba. Chimati tanthauzo la mawu ndi mmene anthu akuwagwiritsira ntchito lero, osati komwe anachokera, ndipo ngakhale meridiem wa Chilatiniyo sakugwirizananso ndi wotchi. Gawo lachiwiri la mfundoyi ndi loona, ndipo tikhoza kuliwerengera tokha. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinayi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amatsata nthawi yomwe ili maola awiri patsogolo pa ya Greenwich, yoyezedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Blantyre ili pa madigiri pafupifupi 35, choncho dzuwa limafika pamwamba pake mphindi 20 wotchi isanakwane 12, cha m'ma 11:40. Popeza njira ya dziko pozungulira dzuwa si yozungulira bwinobwino ndipo dziko ndi lopendekeka, nthawiyi imasunthanso ndi miyezi: kuchiyambi kwa Novembala imafika cha m'ma 11:24, pakati pa Febuluwale cha m'ma 11:54. Tsiku lililonse la chaka, foni ya munthu wa ku Ndirande ikamati 11:58 a.m., dzuwa limakhala litapendeka kale. Ku Lusaka, komwe kuli pa madigiri pafupifupi 28, nthawi zambiri dzuwa limafika pamwamba 12 itadutsa pang'ono. Ku China, komwe dziko lonse limatsata nthawi ya Beijing, mzinda wa Kashgar kumadzulo umaona dzuwa lili paliwombo cha m'ma 3 p.m. Ndikuvomera kuti m wa lero ndi 12 koloko ya boma, osati dzuwa lomwe mthenga wa ku Roma ankaliyang'ana. Koma chomwe chasuntha ndi malo a malirewo. Ntchito ya zilembo sinasinthe: zikadali kunena mbali ya malire, ndipo zikadali kusowa chonena pa malire penipenipo. Kudziwa chiyambi cha mawu sikuti nthawi zonse kumathandiza, koma pano kumathandiza chifukwa kumaneneratu malo enieni omwe chidacho chidzalepherere. Mwana yemwe wauzidwa kuti a.m. ndi m'mawa adzadabwa ndi ndege yonyamuka 1:30 a.m., mwinanso n'kupita ku bwalo la ndege usiku wolakwika. Yemwe wauzidwa za malire a usana adzadziwa kuti tsiku la pa tikitilo layamba kale pakati pa usiku.

Otsutsa achitatu amachokera mbali inayo: ngati chidacho chili ndi chilema, bwanji osangochitaya n'kuwerenga maola 24? Maganizowa si atsopano. Sandford Fleming, injiniya wa njanji wa ku Canada wobadwira ku Scotland, anawalimbikitsa kwa zaka zambiri, ndipo nkhani yomwe imasimbidwa kawirikawiri ndi yakuti mu 1876 sitima inamusiya ku Ireland chifukwa ndandanda ya maulendo inasindikiza p.m. m'malo mwa a.m. Msonkhano wa mayiko 25 womwe unachitikira ku Washington mu Okutobala 1884, womwe unasankha Greenwich kukhala poyambira mizere ya pa mapu, unagwirizananso za tsiku la dziko lonse loyambira pakati pa usiku ndi lowerengedwa kuchokera pa 0 mpaka 24. Italy inatengera kawerengedweka mu 1893, France mu 1912, asilikali a pamtunda a Britain mu 1918 ndipo a United States mu 1942. Akatswiri a zakuthambo, omwe tsiku lawo linkayambira masana kuti usiku umodzi woyang'ana nyenyezi usagawike m'masiku awiri, anasamukira pakati pa usiku pa 1 Januwale 1925. Muyezo wa ISO 8601, womwe unatuluka koyamba mu 1988 ndipo makompyuta amautsata posinthana madeti, ulibe a.m. kapena p.m. M'kawerengedwe kameneka 12:00 ndi masana basi, ndipo 00:00 ndi chiyambi cha tsiku lomwe lalembedwa pambali pake. Pa tikiti, pa ndandanda ya mayeso ndi pa khadi la mankhwala m'chipatala, komwe chilembo chimodzi cholembedwa mothamanga chingachititse wodwala kulandira jakisoni maola 12 isanakwane nthawi yake, ine ndili mbali ya Fleming popanda kukayika. Ndipo si zovuta kuzolowera: ku Zambia anthu wamba amapangana kukumana pa 15 hours, ndipo ku Tete amanenanso chimodzimodzi m'Chipwitikizi. Komabe chizolowezi cha pakamwa sichisintha ndi lamulo. Wailesi ya BBC inayesa kulengeza mapulogalamu ake m'maola 24 mu 1934, omvera sanakondwere nazo, ndipo patangopita miyezi yochepa inabwerera ku zakale. Malinga ngati wotchi ya pakhoma ndi ya pamkono ili ndi nambala 12, anthu azitchula zomwe maso awo akuona, ndipo a.m. ndi p.m. zizikhalapobe. Zikugwira bwino ntchito pa mphindi zonse za tsiku kupatula ziwiri.

Chichewa chili ndi njira yakeyake, ndipo pa nkhani ya kufotokoza tsiku ndi cholemera kuposa zilembo ziwirizi. Tili ndi mbandakucha, m'mamawa, m'mawa, masana, madzulo, chisisira, usiku ndi pakati pa usiku. Mawuwa amanena zomwe a.m. ndi p.m. sizinganene: kuwala, kuzizira, zomwe anthu amakhala akuchita. Malire awo okha ndiwo osakhazikika, moti wina amati 3 koloko masana pomwe mnzake amati 3 koloko madzulo. Koma akaphatikizidwa ndi nambala sasocheretsa munthu, chifukwa onse awiriwo akunena ola limodzi ndipo palibe angaganize za 3 koloko ya usiku. Pa 12, pomwe zilembo za Chilatini zimasowa chonena, Chichewa sichipunthwa: 12 koloko masana ndi 12 koloko usiku sizingasokonezedwe. Zomwe akatswiri a nthawi a ku America ndi ku Britain amalangiza ndi zomwe wolengeza uthenga wa maliro pa wailesi amachita kale. Choncho m'chikalata cha Chichewa palibe chomwe 8 a.m. ikuonjezera pa 8 koloko m'mawa, ndipo kulemba zonse ziwiri, monga 8 a.m. m'mawa, n'kunena chinthu chimodzi kawiri. Chomwe mawu athu sathetsa paokha ndi funso la tsiku lija. Pakamwa pathu usiku ndi wa tsiku lomwe lapitalo mpaka kutacha, kotero munthu akati 1 koloko usiku wa Lachisanu amatanthauza nthawi yomwe pa kalendala ndi Loweruka kale. Wolemba chilengezo cha basi yonyamuka nthawi imeneyo ayenera kutchula masiku onse awiri, kuti usiku wa Lachisanu kulowa Loweruka, n'kuikanso pambali pake 01:00 ndi deti la Lowerukalo.